Maliro a Mapepala ku Nairobi

1992: Kufika

Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka inki pa makina, pa nyumba yosindikizira mabuku ya mishoni kwathu. Ana inu mumandiseka kuti zikhadabo zanga sizinayerepo. N'zoona, ndipo musavutike n'kundigulira sopo, sizidzayera. Ndinakwera pang'onopang'ono, kuchoka pa sanza ndi palafini mpaka kuyendetsa makina, ndipo m'chaka cha 1992 akuluakulu anandiitana n'kundiuza kuti bungwe lina la mipingo ku Nairobi likufuna kapitawo wodziwa kuyala masamba. Kuyala masamba ndi uku: buku silisindikizidwa tsamba limodzilimodzi, koma masamba ambiri pa chipepala chimodzi chachikulu, ena chadodolido, kuti chikapindidwa tsamba lililonse ligwere pamalo pake. Ntchito imeneyo ndinkaidziwa, ndipo ndinkadzitama nayo, sindibisa. Ndinkauza anthu kuti ine Mbewe ndikhoza kuyala masamba nditatsinzina.

Tinapita anthu anayi, ine, amayi anu, iwe Tiyamike uli ndi zaka khumi, ndi Dalitso akadali wogwira m'manja. Nyumba tinaipeza ku Rongai, kufumbi kuja, ndipo ine ndinkakwera maminibasi awiri, amene kumeneko amati matatu, m'mawa uliwonse kuti ndikafike ku Industrial Area. Chimene simunkachidziwa n'chakuti kukhala kwathu konse m'dziko lija kunapachikika pa kapepala kamodzi, chiphaso changa chogwirira ntchito. Chiphasocho chinali m'dzina la bungwe. Ntchito ikatha, chiphaso chatha, nyumba yatha, sukulu yatha. Mlendo ndi mame, ndipo ine ndinkakumbuka zimenezo tsiku lililonse ndikamalowa pa geti.

Bwana wathu anali Mayi Wanjiru, mzimayi wamfupi wa mawu otsika, amene ankakalipa mwa kungovula magalasi. Anali munthu wachilungamo, ndipo zimene ndilembe pansipa zisakupangitseni kuwada. Tinavutika nawo limodzi zaka zimene mapepala ankachedwa ku doko miyezi, tikumasindikiza nyimbo za kwaya pa zotsalira, magetsi akumazima makina ali pakati pa ntchito. Pa mpeni wodulira mapepala panali Otieno, chimunthu chachitali, choseka, mlaliki wa nthawi ya nkhomaliro. Panalinso mwambo umene ndinaupeza: mapepala owonongeka anali a antchito. Otieno ankawapereka kwa amayi ogulitsa chipisi ndi mtedza kunja kwa geti kuti azikulungira malonda, iwo n'kumatipatsa tiyi ndi mandazi. Mapuleti akale, malata opyapyala amene zilembo zimadindidwapo, ankapita kwa amisiri a m'mbali mwa msewu, otchedwa a jua kali, okhoma ndowa. Ine monga kapitawo ndinkangoyang'ana kumbali, tiyiyo ndinkamwa nawo.

1997: A Mendel

Chaka chimenecho ntchito za mipingo zinachepa, ndiye Mayi Wanjiru anayamba kulandira ntchito za anthu akunja. Tsiku lina kunabwera nkhalamba ya chizungu, yowerama, yovala kachipewa kakang'ono pa liwombo. Anali a Mendel, Myuda amene anafika ku Kenya ali mnyamata ndipo anakalambira konko akukonza mawotchi. Ankafuna timabuku ta mapemphero a Chihebri tokumbukira malemu akazi awo, toti agawire anzawo ochepa amene ankapemphera nawo. Masamba anabwera nawo olembalemba, mapepala anagula okha, ife kwathu kunali kujambula, kusindikiza ndi kusoka. Pa chikuto panali chilembo chimodzi chokha, chachikulu, cha mitu itatu yotuluka pa tsinde limodzi. Ndinawafunsa kuti chifoloko chimenechi n'chiyani. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Chimenecho ndi Shini, a Mbewe," anatero, poti tinkalankhulana m'Chingerezi. "Tanenani kuti shhh. Mwamva? Ndi mmene moto umalirira ukagwira udzu wouma. Akale athu ankati pali zilembo zitatu zimene ndi amayi a zilembo zonse, china cha mpweya, china cha madzi, ichi ndi cha moto. Mitu itatuyo ndi Abrahamu, Isake ndi Yakobo, tsinde lawo limodzi. Timachilembanso pa kabokosi ka pa mphuthu za zitseko zathu, chifukwa ndicho chimayamba dzina lakuti Shadai, Wamphamvuzonse, mlonda wa makomo. Mkazi wanga ankachigwira potuluka ndi polowa zaka makumi anayi, mpaka utoto unasupuka."

Kenaka nkhope yawo inasintha, n'kundipempha chinthu chimodzi. Anati m'masamba amenewa muli dzina la Mulungu, ndipo kwao pepala lokhala ndi dzinalo silitayidwa, siliwotchedwa, silikulungira kanthu. Likatha ntchito limaikidwa m'manda ngati munthu. Choncho pepala lililonse lowonongeka, ngakhale kachidutswa, ndi mapuleti omwe, ndiwasungire. Ine ndinayankha mopepuka, ngati munthu wolonjeza kubweza bolopeni. Ndinawaitana monga amaitanira akuluakulu kumeneko, ndinati musadandaule, Mzee, zili m'manja mwanga. Ndinawagwira chanza.

Apa ndi pamene kudzitama kwanga kunandigwetsa. Ndinayala masamba monga mwa masiku onse, tinasindikiza, tinapinda, tinasoka, timabuku mazana atatu tokongola. A Mendel atabwera anatenga kamodzi, anakatembenuza, anakatembenuzanso, n'kukhala pansi pa katoni. Buku la Chihebri limatsegukira ku dzanja lamanja, kumene ife timati ndi kumapeto. Ine ndinali nditasokera mbali yolakwika, masamba onse akuyenda chobwerera. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ndinalidya pamaso pa antchito anga onse. Ntchito tinaibwereza sabata yotsatira ndipo inatuluka bwino, koma tsopano zowonongeka sizinalinso timapepala tochepa. Anali makatoni asanu ndi limodzi.

Makatoni ndinawaika m'sitolo, koma Otieno sindinamuuze kanthu, ndinaiwala. Tsiku limene a Mendel anabwera kudzaona zosungidwazo, tinapeza katoni imodzi palibe. Mayo ine! Ndinadziwa pompo kumene yapita. Tinatuluka pa geti dzuwa lili paliwombo, ine patsogolo, nkhalamba pambuyo ndi ndodo yake, n'kuyamba kuyenda kanyumba ndi kanyumba. Tinapeza mapemphero a malemu atapindidwa ngati fanulo, odzaza mtedza. Ena anali pansi pa chipisi, atanyowa mafuta ndi tomato. Ena tinawatola m'ngalande. A Mendel sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Ankangowerama, kutola, kupukuta pa jekete, kupsompsona pepala, n'kuika m'thumba. Mayi wina wa chipisi ataona mzungu akupsompsona pepala la m'matope anasiya chiwaya pamoto, n'kukaitana anzake kuti adzaone. Sitinawapeze onse, koma ambiri tinatola.

Zaka zimenezo Nairobi yense ankanjenjemera ndi mphekesera za anthu opembedza Satana. Zinali m'matatu, m'maguwa, m'masukulu. Munthu ukangolemera msanga kapena kuvala mphete yachilendo, wayamba kale kunenedwa. Ndiye taganizani, mzungu wa kachipewa ndi Mmalawi akutolera mapepala a zilembo zosawerengeka, chikuto chake chili ndi foloko ya mano atatu. Pasanathe sabata amayi a pa geti anasiya kundipatsa moni. Kenaka Otieno anabwera ndi buku limene anagula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni, buku la zamatsenga a azungu. Analitsegula pa tebulo langa antchito onse atazungulira. Chilembo chija chinali pomwepo, pakati pa nyenyezi ya nsonga zisanu, ndiponso pa makadi oombezera, pansi atalemba kuti n'cha moto ndi mzimu. Otieno sankandida, ankaopa, ndipo misozi inali m'maso pamene ankati, "Mzee Malawi, mwatilowetsera chiyani m'nyumba ya Mulungu?"

Nkhani inafika ku bodi ya bungwe. Lachitatu Mayi Wanjiru anandiitana, anatseka chitseko, n'kuvula magalasi. Anati iwo sakhulupirira kuti ndine wa Satana, koma mipingo iwiri yaopseza kuchotsa ntchito zake, ndipo antchito akukana kulowa m'sitolo. Bodi yagamula kuti Lolemba m'mawa, pa mapemphero, makatoni onse atulutsidwe pabwalo, abusa apemphere, ndipo ine ndi dzanja langa ndiyatse moto. Ndikatero nkhani yatha. Ndikakana, kontirakiti yanga yothera mu Disembala siidzawonjezedwa. "A Mbewe," anatero, "ndi mapepala owonongeka. Mabuku abwino mwini wake anatenga kale. Muli ndi mwana wa Fomu 3. Ndithandizeni kuti ndikuthandizeni."

Madzulo ake ndinawauza amayi anu tili kuseri kwa nyumba, akuanula zovala. Sanazungulire. "Bambo a Tiyamike, mwapenga? Mwanayu ndi woyamba m'kalasi, aphunzitsi akuti udokotala ali nawo m'manja. Mukufuna mumuchotse chifukwa cha mapepala a mzungu amene simungathe n'kuwerenga komwe? Yatsani motowo, Mulungu akudziwa mtima wanu." Ankanena zoona. Iwe Tiyamike unali m'nyumba ukuloweza mafupa a munthu mokweza, tinkakumva pa zenera.

Lachinayi ndinapempha chilolezo n'kupita kwa a Mendel, ku kanyumba kawo kodzaza mawotchi. Ndinapita nditakwiya, ndikufuna andipatse chifukwa chowadera kuti ndiyatse moto mtima uli m'malo. Ndinawafotokozera za buku la Otieno. Anagwedeza mutu, osadabwa n'komwe. "Ndikuzidziwa zimenezo. Azungu a zamatsenga anabwereka zilembo zathu kalekale, osapempha. Anaziika pa makadi, pa nyenyezi, pa mphete, aliyense n'kumanena kuti wapeza kiyi wa kumwamba. Akale athu ali ndi kankhani. Amati Mulungu akufuna kulenga dziko, zilembo zinabwera chimodzichimodzi, chilichonse chikupempha kuti alengere pa icho. Shini atafika, Mulungu anati, iwe ndiwe woona, dzina langa lili pa iwe, koma bodza limakonda kukutsogoza kuti anthu alikhulupirire. Ndiye mwaona, a Mbewe, vuto limeneli chilembochi chinabadwa nalo." Ine ndinakumbuka za kwathu, kumene amati mfiti imauluka pa lichero, koma palibe mayi anasiya kupeta chifukwa cha zimenezo.

Nditawauza za moto wa Lolemba ndi za kontirakiti, a Mendel anatsamira pa ndodo yawo. Kenaka ananena mawu amene anandisokoneza kuposa buku la Otieno. "Yatsani. Lamulo limeneli ndi lathu, si lanu. Mwana wamoyo ndi wamkulu kuposa pepala, aphunzitsi athu onse angakuuzeni zomwezo. Lonjezo lanu ndakumasulani." Ananena akuyang'ana pansi. Anandiperekeza mpaka pakhomo, ndipo potuluka ndinaona kabokosi kaja pa mphuthu, utoto utasupukadi pa chilembo, pamene chala cha malemu chinkagwira.

Ana anga, ndikanakonda kulemba kuti ndinapemphera n'kumva mawu. Sindinamve mawu alionse. M'matatu obwerera ndinangoona kuti makatoni asanu ndi limodzi aja analipo chifukwa cha ine. Ndine ndinasokera chobwerera, ndine ndinaiwala kumuuza Otieno, ndine ndinachititsa nkhalamba kuwerama m'ngalande. Ndipo tsopano ndiime pabwalo, ndiyatse dzina la Wamphamvuzonse, amene ine ndemwe ndimamuimbira Lamulungu lililonse, anthu akuwomba m'manja kuti tawotcha Satana? Kuyatsa motowo kunali kuvomera pagulu kuti a Mendel ndi mfiti, ine ndikudziwa kuti si mfiti. A Mendel akanandikakamiza kusunga lonjezo, mwina ndikanayatsa. Koma munthu anandimasula, ndipo n'chimene chinandimanga. Panalinso liuma langa, limene mukulidziwa nonse, ndisalisiye kunja ngati kuti zonse zinali chiyero.

Lachisanu masana ndinaitana munthu wa mkokoteni, ngolo yokoka pamanja ija, ndinatsegula sitolo ndi kiyi wanga, n'kukweza makatoni ndi mapuleti antchito akuona. Palibe anandithandiza, palibe ananditchinga. Otieno anazimitsa mpeni wake n'kutembenukira kukhoma. Pa geti ndinapeza Mayi Wanjiru ataima. Analankhula motsitsa kuti mlonda asamve. "Bwanji simunadikire ndipite ku banki? Ndikanati sindinaone, tikanati akuba." Ndinati, "Mayi, sindikuba. Mapepalawa mwini wake alipo, ndikukamupatsa." Anandiyang'ana, maso atafiira, n'kunena kuti, "Mukudziwa kuti tsopano sindingakutetezeni." Ndinati ndikudziwa. Anapatuka okha n'kuuza mlonda kuti atsegule geti.

Mapepala aja tinawaika m'manda Lamulungu m'mawa, kumanda a Ayuda, m'mphepete mwa mpanda. Tsiku limenelo ku tchalitchi sindinapite. Panali nkhalamba zisanu ndi ine. Dzenje linali lokumbakumba, mapepala anawakulunga m'nsalu yoyera, a mafuta a chipisi aja pamodzi ndi oyera, mapuleti pansi. Anaimba nyimbo yawo yapansipansi imene sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma maliro ndi maliro, munthu sufuna womasulira. A Mendel anathira dothi katatu, anazika fosholo pa mulu, n'kundikodola. Ndinavula jekete n'kukwirira dzenje lonse ndekha, poti enawo misana inali itatha. Pomaliza nkhalamba inandigwira mkono, osanena zikomo, inangoti, "Simunandimvere." Ndinati ayi, sindinakumvereni. Tinaseka tonse awiri, koma ine ndinkaseka mantha ali tho.

1998 ndi zaka zotsatira: Kubwerera

Kalata ya bodi yonena kuti kontirakiti siidzawonjezedwa inabwera Lolemba lomwelo, yaulemu, yothokoza chifukwa cha zaka zanga za utumiki. Miyezi yotsalayo anandichotsa pa ukapitawo n'kundiika kowerenga zolakwika m'masamba, kakona kopanda munthu wondilankhula. Mayi Wanjiru anandilembera kalata ya umboni yabwino kwambiri, imene inandipezera ntchito ku Blantyre, ya malipiro ochepa koma ntchito ndithu. Otieno anabwera kudzanyamula nawo katundu tsiku losamuka, osatchula kanthu za nkhani ija, n'kundipatsa paketi ya tiyi. A Mendel anayesa kundifunira ntchito kwa anzawo, koma chiphaso sichinatheke. Tinalemberana makalata zaka zitatu, kenaka kalata yanga inabwerera yosatsegula.

Amayi anu sanandilankhule bwino mwezi wathunthu, ndipo sindinawadandaule. Ine ndinawapempha chinthu chimodzi, choti ana tingowauza kuti kontirakiti yatha, bungwe lilibe ndalama. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Pa geti paja munati simukuba, simunama. Kwa ana anu ndiye mukufuna kunama?" Komabe anasunga chinsinsicho, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda sanatsegule pakamwa.

Tinayenda pa basi masiku atatu kudzera ku Tanzania. Tiyamike, iwe unakhala pa zenera utafukata mabuku ako a sayansi m'chikwama, unakana kuti akwere pa denga. Sunalire. Unangondifunsa kamodzi, titawoloka malire, kuti, "Adadi, kwathu kuli sukulu yokhala ndi labu?" Ndinati zilipo zambiri. Malo ku sukulu ya boma sanapezeke, tinakulowetsa pa pulaiveti imene ndinakwanitsa, ya kalasi za malata, kumene sayansi ankaiphunzitsa ndi choko chokha. Unabwereza Fomu 3, silabasi ili ina, unalimbikira mpaka kuwonda, koma mapointi a udokotala sanakwane. Tsiku la zotsatira unatukwana bungwe lija patebulo, unati anthu opemphera koma opanda chifundo, anakuphera tsogolo. Ine ndinali pomwepo, ndinamva, ndinapitiriza kudya.

Lero ndiwe mphunzitsi, ndipo ana ako a sukulu amandiimitsa pamsewu kundiuza za iwe. Ndimanyada. Koma sindikulemba zimenezi kuti ndinene kuti zonse zinatha bwino, chifukwa ndimaona mmene umakhalira chete tikalowa m'chipatala, mmene umatsatira ndi maso atsikana ovala makoti oyera. Kawirikawiri ndadzifunsa ngati ndingayatse moto uja atandibwezera Lolemba lija. Masiku ena ndimati ayi, ndinachita bwino. Masiku ena ndimati nkhalamba ija inali ndi nzeru kuposa ine, inandiuza kuti mwana ndi wamkulu kuposa pepala, ine osamva. Chimene ndikudziwa n'chakuti chisankho chinali changa, koma amene analipira ndiwe, ndipo sindinakufunse.

Ndiye leka kuwatukwana anthu aja, mwana wanga. Anandipatsa njira yotsalira, machesi anali patebulo. Sukulu yako ya ku Nairobi sanakuchotse ndi a bodi, kapena Mayi Wanjiru, kapena Otieno. Ndinakuchotsa ndine, bambo ako, ndi fosholo m'manja, Lamulungu m'mawa iwe uli ku Sande sukulu. Dalitso, amene akutayipa mbiri yangayi, ndamuuza kuti mutu uno asautayipe mpaka iwe uwerenge wolembedwa pamanjawu. Ukamaliza undiimbire foni. Ngati n'kundikalipira, undikalipire, sindidula.